Chifalansa cha Amayi Ako

Al Quoz, Lachinayi masana

Tadala mwana wanga,

Ndikulemba ndili ku wekishopu, nthawi yopuma. Kunja dzuwa likuswa mtengo, ngakhale kuno mitengo yoti liswe kulibe. Anzanga agona pamakatoni kuseri kwa ma eyakoni akufa aja, makina oziziritsira m'nyumba, ine ndakhala pabenchi ndi pepala. Mawa ndege ikutenga kupita ku Lyon, ndipo ndikudzidziwa bwino: pabwalo la ndege ndikangoima ngati chitsa n'kumakufunsa kasanu ngati pasipoti uli nayo. Ndiye ndati bola ndilembe. Ndalemba m'Chichewa dala. Ndikudziwa kuti uwerenga pang'onopang'ono, chala chili pamzere, koma ulendo ndi wautali. Mawu amene akuvute uwadule mzere kunsi, udzandifunse pafoni.

Za kuzizira, za anyamata ndi za kusamala chikwama m'sitima, malume ako a Blaise ndi akazi awo akuuza kale mpaka makutu kuwawa. Ine nzeru zotero ndilibe zambiri. Chimene ndili nacho chochuluka ndi zolakwa zanga, ndipo pafupifupi zonse ndinalakwira banja la amayi ako. Ndikufuna uzimve kwa mwiniwakene.

Ndinalowa m'banja la a Ilunga ndi makwerero paphewa. Ndinali nditatha zaka ziwiri muno mu Dubai chichokereni kwathu ku Ntcheu, ndikukonza ma eyakoni ngati lero lomwe. Tsiku lina Lachisanu, limene masiku amenewo linali tsiku la tchuthi kwa ana asukulu, anandituma ku fulati ina ku Deira. Nditalowa ndinapeza ana atadzaza pabalaza, atakhala pansi, thukuta lili kamukamu, akubwereza mokweza mawu amene sindinkawamva. Kutsogolo kwawo kunali mayi wamfupi wovala chitenje, atagwira mthiko, akuloza zilembo pa katoni yomatidwa pachitseko cha firiji. Amenewo ndi agogo ako, a Mémé. Ine ndinkayesa ndi mapemphero. Ndinakwera makwerero n'kuyamba kulimbana ndi bawuti ina imene inkakana kumasuka. Nditatopa nayo ndinaiuza kuti, "Iwe kachitsulo iwe, ndinakulakwira chiyani?" Kumbuyo kwanga kunamveka mawu a mtsikana: "Simunakalakwire. Mukungokapotokolera kolakwika."

Ndinatsala pang'ono kugwa, Tadala. Chichewa ndinkangochimva pafoni ndi kutchalitchi, sindinkayembekezera kuchipeza m'nyumba ya anthu olankhula Chifalansa. Mtsikanayo anali Solange, amayi ako. Anandifotokozera kuti kwawo ndi ku Kalemie ku Congo, anathawa nkhondo, n'kukhala zaka zisanu ndi chimodzi kumsasa wa othawa kwawo ku Dowa. Chichewa anachitola kumeneko, pamjigo ndi pamsika. Bambo awo anali mphunzitsi, ndipo kumsasako ankasonkhanitsa ana n'kumawaphunzitsa Chifalansa, akulemba ndi makala pa lata. Anamwalira konko. A Blaise atakhazikika kuno ndi ntchito yotumiza katundu ku Congo anaitanitsa mayi awo ndi mlongo wawo, ndipo a Mémé anangopitiriza kalasi ya amuna awo, osalipiritsa munthu. Eyakoni ija ndinaikonza tsiku lomwelo, koma ndinabwererako katatu kukaona ngati ikugwirabe.

Cholakwa changa choyamba chinali cha tsiku lokafunsira ukwati. Ndinapita ndi a Phiri, dalaivala wa basi amene tinkapemphera limodzi, kuti akhale nkhoswe yanga. Tinapeza akuluakulu asanu a ku Congo atavala masuti m'kutentha konse kuja. Amayi ako anali atandichenjeza kuti, "Mukapanda kumva muyang'ane ine, ndikumasulirani." Koma ine ndinali nditaloweza mawu atatu a Chifalansa, ndipo ndinkafuna aone kuti mkamwini wawo si wamba. Mkulu wina, a Mukendi, anandifunsa funso lalitali akundiyang'ana m'maso. Ine osacheukira n'komwe kwa amayi ako: "Oui, oui, merci," kutanthauza kuti inde, inde, zikomo. Anafunsanso lina, ine ndinavomeranso. A Mémé anatula thireyi ya tiyi pang'onopang'ono. Amayi ako anathamangira kukhitchini atagwira pakamwa, ine n'kumayesa akulira. Ankaseka. Funso loyamba linali lakuti, kodi kwanu munasiyako mkazi? Lachiwiri linali lakuti, nanga ana aliponso? A Blaise ndi a Phiri anatha masana onse akukonza zimene ndinawononga ndi mawu atatu, ndipo a Mémé sanakhutire mpaka atalankhula okha ndi mayi anga pafoni. Mwana wanga, kumene ukupitako ukapanda kumva, funsa. Kaya ndi m'kalasi, kaya ku ofesi ya mapepala, kaya ndi mnyamata wolankhula mothamanga, usavomere ndi mutu chinthu chimene sunachimve. Manyazi ofunsa amatha pomwepo. A Mukendi mpaka lero akandiona amafunsa kuti akazi anga a ku Ntcheu aja ali bwanji.

Utabadwa iwe ndinalakwanso. Ndinauza amayi ako kuti mwanayu tizimulankhula Chingerezi chokha. Ndinkati kuno munthu amadyera Chingerezi, Chifalansa ndi Chichewa zingomusokoneza mutu kusukulu. Amayi ako sankakonda mikangano. Anangoti, "Inu muzimulankhula chimene mukufuna. Ine ndikamamuyamwitsa ndizimuimbira zimene anandiimbira mayi anga." Choncho unakula ndi Chifalansa cha amayi ako ndi Chiswahili chapang'ono cha agogo ako, koma kwa ine unkangomva Chingerezi cha ku wekishopu, chodzaza ndi timawu ta Chiarabu monga yalla ndi khalas. Chilankhulo changa ndinkachivala tsiku lopemphera lokha ngati jekete la kutchalitchi, ndikafika kunyumba n'kuchivula.

Sindinalekere pomwepo. Kamodzi pamwezi, kalasi ikatha, makolo a ana aja ankatsalira kuti adyere limodzi. Pofika nthawi imeneyo sanalinso a ku Congo okha. Kunali a ku Cameroon, a ku Burundi, a ku Senegal, aliyense ndi poto wake. Agogo ako ankaphika chigwada chosinja chija amati sombe. Anthuwo ankatsutsana za mpira ndi za ndale mokweza ngati akumenyana, mpaka oyandikana nawo kugogoda khoma. Kwa ine linali phokoso chabe. Ndinkakusiyani pakhomo n'kunama kuti ndili ndi ovataimu, kenako n'kukakhala ndekha m'mphepete mwa madzi ku Creek kuonerera mabwato mpaka nthawi yokutengani ikwane. Ndinachita zimenezo zaka zambiri.

Ndiye amayi ako anadwala khansa, iwe uli ndi zaka zisanu ndi zitatu. Zina ukuzikumbuka, zina sunkazidziwa. Ine sindikanatha kujomba kuntchito, chifukwa viza yathu tonse inkadalira ntchito yangayi. Anthu amene ndinkawathawa aja anagawana masiku osandifunsa n'komwe. A Mukendi ankafika m'mawa ndi galimoto yawo kudzatenga amayi ako kupita nawo kuchipatala. Mayi wina wa ku Cameroon ankakakutenga kusukulu, ndipo ndi amene ankakuluka tsitsi miyezi yonseyo. Tsiku limene amayi ako anatisiya, ine mutu sunkagwira. Bambo wina wa ku Senegal, Msilamu, amene ana ake anaphunzira kuwerenga pachitseko cha firiji chija, anandigwira pamkono n'kuyenda nane ofesi ndi ofesi mpaka mapepala onse a maliro anatheka. Dzina lake ndinalifunsa tikubwerera. Zaka zonsezo ankadya m'nyumba ya apongozi anga, ine osamudziwa dzina. Kumanda ku Jebel Ali anthu anadzaza, ndipo nyimbo zinaimbidwa m'zilankhulo zinayi.

Ukafika ku Lyon, Tadala, usakadzitsekere m'chipinda ndi mabuku n'kumati ndadzera sukulu basi. Ukafunefune anthu ukadali bwino. Ukamva kumene a kwathu kapena a kwawo kwa amayi ako amasonkhana, pita. Nyamula mbale yako, tsuka nawo mapoto, dziwa mayina awo. Adzakutopetsa, adzakufunsa za ukwati usanamalize n'komwe chaka choyamba, adzachedwa kuyamba chilichonse. Pita ndithu. Ine ndinakolola pamene sindinalime, ndipo mwayi wotero sugwera munthu kawiri.

Tsopano ndifike pa chimene chikundivuta kulemba. Patatha milungu iwiri chiikireni maliro, ndinalowa m'nyumba kuchokera kuntchito, iwe n'kutuluka kukhitchini kudzandifunsa m'Chifalansa ngati ndadya. Unafunsa ndendende mmene ankafunsira amayi ako, kakwezedwe ka mawu komweko, mutu utapendekeka chimodzimodzi. Ndinamva ngati wina wandibaya. Ndinakuyankha mokalipa, m'Chingerezi, kuti chilankhulo chimenecho ndisadzachimvenso m'nyumba muno. Unandiyang'ana, n'kubwerera kukhitchini. Kuyambira sabata imeneyo ndinasiya kukupititsa ku kalasi ya agogo ako. A Blaise akaimba foni ndinkati mwana ali ndi homuweki yambiri. Ndinkadziuza kuti ndikukuteteza, kuti uiwale msanga. Linali bodza. Ndinkadziteteza ndekha.

Unamvera, chifukwa unali mwana womvera. Koma sunasiye Chifalansa chokha, unasiyiratu kulankhula. Patebulo tinkangomva masipuni. Aphunzitsi ako anandilembera kuti m'kalasi sukwezanso mkono. M'mawa wina ndinamva madzi akutuluka pampope wa kubafa nthawi yaitali, ndipo ndinapita kuti ndikakudzudzule. Nditafika pachitseko ndinamva ukunong'ona. Madziwo unkawatsegula kuti ndisakumve. Unkawauza amayi ako m'Chifalansa zimene zinachitika kusukulu dzulo lake. Ndinazindikirapo mawu akuti maman ndi dzina la mnzako uja Amina. Ukudziwa chimene ndinachita? Ndinabwerera chambuyo monyang'ama, n'kutenga chikwama changa kupita kuntchito. Ndinamva, ndinadziwa, koma mphamvu yogogoda pachitsekocho ndinalibe. Zimenezi sindinakuuzepo. Undikhululukire, mwana wanga.

Amene anathetsa zimenezi ndi agogo ako. Patatha miyezi inayi anatulukira pano pa wekishopu, masana ngati ano. Anakwera sitima ya metiro, kenako basi, kenako anayenda wapansi pakati pa nyumba zosungiramo katunduzi, akufunsa njira ndi Chingerezi chawo cha mawu khumi. Nditawaona pageti, bulawuzi itanyowa ndi thukuta, ndinaganiza kuti kwagwanso zovuta. Kwathu ku Ntcheu mkamwini akaona apongozi aakazi amapatuka njira, koma apa popatukira panalibe. Ndinawapatsa mpando ndi madzi. Atamwa anandilankhula m'Chichewa chawo cha ku Dowa.

"Bambo a Tadala, mdzukulu wanga ali kuti?"

"Ali kusukulu, amayi. Ali bwino."

"Ali bwino?" Anandiyang'ana mpaka ndinaweramitsa mutu. "Solange ndinamubereka ndine. Tsiku lomaliza ndinamusambitsa ndine. Mukuganiza kuti mwana uja akalankhula ine sindimva mawu a Solange? Ndimamva. Zimapweteka. Ndiye ndimutseke pakamwa?"

Ndinati, "Amayi, ine sindingathe kupirira."

"Anakuuzani ndani kuti mupirire? Lirani. Mwana alankhule, inu muzilira. Mawa alankhulenso, mulirenso. Amuna anga atamwalira ku Dowa, sabata isanathe ana anabwera ndi makala awo. Ndinawaphunzitsa ndikulira. Palibe mwana amene anafa chifukwa choona misozi yanga."

Ndiye anawonjezera chimene sindinkachiyembekezera. "Ndiponso Chichewa chanu chili kuti? Mwana amangodziwa 'zikomo' ndi 'tomatoyu ndi zingati', ndipo anaphunzira kwa ine, mlendo. Mayi ake anamupatsa zonse zimene anali nazo. Inu mwamupatsa chiyani?"

Ndinawakweza takisi. Madzulo ake tili patebulo ndinakufunsa kuti zimene zili m'kapuzi zimatchedwa chiyani m'Chifalansa. Unayamba wandiyang'ana kaye kuti uone ngati si msampha. Kenako unanena motsitsa mawu. Ine ndinati kwathu timati madzi. Tinayamba choncho: mchere, mbale, chitseko, zenera, mpaka mpunga unazizira. Ndinalira ndithu monga ananenera agogo ako, iwe osasiya kuloza zinthu. Chisoni chikadzakugwira kumeneko, pakuti chidzakugwira, usadzathawe zinthu zimene zikukukumbutsa kwanu. Usadzasiye kuimba foni chifukwa choti ukamva mawu athu umalira. Imba, ulire, mawa uimbenso.

Mawondo a agogo ako atayamba kuvutika ndi masitepe a ku Deira, ndinawapempha kuti asamukire kwathu ku Muhaisnah, iwo ndi kalasi yawo yomwe. Abale anga ku Ntcheu atamva kuti ndikugona nyumba imodzi ndi apongozi anaseka mpaka foni kuduka. A Mémé anavomera, koma anaika lamulo: ola loyamba ndi lawo, lachiwiri ndi langa, lophunzitsa Chichewa. "Ana a Amalawi mulibe mu Dubai muno?" anatero. Analimo. A Phiri anabweretsa awo awiri, namwino wina wa ku Zomba anabweretsa atatu, kenako a ku Zambia ogwira ntchito m'ndege nawonso anamva. Amayi ogwira ntchito m'nyumba za anthu ankabwera tsiku lawo lopuma, osati kudzaphunzira, koma kudzangokhala pamene Chichewa chikulankhulidwa mokweza. Ndi iwo amene anakuphunzitsa nyimbo zamasewera zimene ine ndinali nditaziiwala.

Pamenepo ndinalakwanso, ndipo ichi ukuchikumbuka. Kamwana kotsiriza ka namwino uja kanadzithira juwisi, iwe n'kukatengera kubafa. Pobwera unalengeza monyadira kuti, "Ndamuchapa kale." Unkatanthauza kuti wamusambitsa, poti m'Chifalansa kuchapa, kutsuka ndi kusambitsa akuti ndi mawu amodzi. Ine ndinaseka mpaka kugwira nthiti, ana onse n'kuseka nane, ndipo makolo atabwera kudzatenga ana ndinawafotokozeranso. Mwezi wathunthu sunalankhulenso Chichewa. Agogo ako anandiitanira kukhitchini. "Zaka zonsezi ana akhala akuphwanya Chifalansa pamaso panga," anatero. "Munandionapo ndikuseka? Mwana akalakwa mumangonena mawu oyenerawo bwinobwino, iye amve. Mukamuseka, mwamulanda." Kumeneko ukakumana ndi anthu ongofika kumene, olankhula mophotchola, osowa mawu pasitolo pamene mzere wonse ukuwadikira. Usakaseke, Tadala. Ukaime pafupi, ukawathandize.

Nthawi ina ndinafunanso kutseka kalasi. Inali miyezi yotentha, mabanja ambiri atapita kwawo kutchuthi, ndipo Loweruka lina kunabwera mwana mmodzi yekha, Mireille, mtsikana wamanyazi wa ku Burundi. Ine ndinali nditatopa ndi ntchito ya sabata yonse. Ndinati, "Amayi, lero tipume. Mmodzi yekha?" Iwo anati, "Mmodzi si munthu?" Anamuphunzitsa ola lonse ataimirira, ngati kuti pabalaza padzaza. Mireille yemweyo ndi amene akuyendetsa kalasi ya Chifalansa lero. Ukadzayamba chinthu chabwino kumeneko, usadzawerenge mitu ya anthu kaye kuti udziwe ngati n'choyenera kupitiriza.

Ine si munthu wodziwa kuyamikira pamaso, ndiye ndilembe pano. Chaka chija tinapita ku Ntcheu, uli ndi zaka khumi ndi zitatu, ndinkaopa kuti ukangokhala duu ngati mlendo. Koma unagwada pakhonde, n'kuwalonjera mayi anga, n'kuyamba kuwafotokozera za ulendo wonse popanda kundiyang'ana ine. Mayi anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anatembenukira kwa ine n'kufunsa kuti, "Mwanayu bwanji akulankhula ngati wa ku Dowa?" Tsiku limenelo ndinayenda m'mudzi monse chifuwa chili patsogolo. Sindinakuuze. Ndikukuuza lero.

Nawenso akakuseka kumene ukupitako, dziwiratu. Malume ako akuti ku France akadzamva ukuwerenga manambala mmene amawerengera agogo ako, septante ndi nonante, adzadziwa pompo kuti Chifalansa chako sichakumeneko, ndipo ena adzamwetulira mokhala ngati akukumvera chisoni. Phunzira kanenedwe kawo, ulembe mayeso awo mmene akufunira, palibe cholakwika. Koma cha kwanu usadzachite nacho manyazi. Chinadutsa m'manja mwa anthu atatu chisanafike kwa iwe, ndipo awiri mwa iwo anagona. Wina akadzakufunsa kuti kwanu n'kuti, usadzafupikitse poopa kumutopetsa. Umuuze zonse: Ntcheu, Kalemie, Dowa, Dubai. Akatopa ndi zake.

Chatsala chimodzi. Masabata awiri apitawa unkalankhula ndi malume ako pakhonde, chitseko chili chotsegula. Munkalankhula Chifalansa osatsitsa mawu, podziwa kuti bambo ako samva. Ndinamva, Tadala. Sindinamve zonse, koma ndinamva zokwanira. Unkati mwina upemphe kusukuluko kuti uyambe chaka chamawa, chifukwa cha agogo. Chimene chikukuopsa ndikuchidziwa. Chiyambireni matenda awo oiwalawa, Chingerezi chawo chinapita, Chichewa cha ku Dowa chinatsatira, chatsala ndi Chifalansa ndi Chiswahili. Masana amakhala ndi akazi a malume ako, koma madzulo womasulira pakati pa iwo ndi ine wakhala iwe. Ndiwe umawanyengerera kuti amwe mankhwala. Ndiwe umayankha akamafunsa za Solange ngati kuti wangopita kumsika. Ukuopa kuti ukachoka m'nyumba mutsala anthu awiri osamvana.

Ndiye ndikuululire. Chaka chathunthu tsopano, Lachiwiri ndi Lachinayi nthawi yopuma ngati ino, ndakhala ndikuphunzira Chifalansa pafoni, pabenchi pompano. Amandiphunzitsa ndi Mireille. Lero ndamupempha tchuthi kuti ndilembe kalatayi. Ndinamuuza kuti asauze munthu, chifukwa mutu wa zaka makumi asanu ndi wouma, ndipo ndinkaopa kulephera iwe ukuona.

Lamlungu lapitali, utapita kukatsanzikana ndi anzako ku Festival City, ndinauza akazi a malume ako kuti asabwere. Ndinkafuna ndidziyese. Tinakhala awiriwiri pabalaza masana onse. Ndinawafunsa ngati akufuna tiyi, anandimva. Mankhwala anakana kawiri, kachitatu anamwa. Kenako anayang'ana kuchitseko n'kufunsa funso lija, lakuti Solange ali kuti.

Ndinatolera timawu tanga kuti ndiyankhe kuti wachoka. Ndinati, "Elle a parti."

Agogo ako anatembenuka. Maso aja amene masiku ano amangoyang'ana kutali anandilunjika ngati kale. Anakweza chala. "Elle est partie," anatero. Ndinali nditalakwitsa kamawu kamodzi kapakati. Anagogoda patebulo kuti ndibwereze. Ndinabwereza. Sanakhutire, ndinabwerezanso. Katatu konse anandinenetsa mokweza kuti Solange wachoka, mpaka ndinanena bwino. Mwana wanga, zaka zisanu ndi zinayi zadutsa, ndipo m'nyumba muja mawu amenewo ndinali ndisanawatulutsepo m'chilankhulo chilichonse. Ndinkangoti "nthawi ija" kapena "zitachitika zija".

Ngati anazindikira chimene tinkanena, sindikudziwa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandisisita dzanja. "Bien," anatero, ndiye kuti wakhoza. Atatero anandiuza kuti ndine mwana wasukulu waulesi, ndipo mawa ndibwere ndi kope.

Kope ndagula. Choncho pita, Tadala. Usasinthe tikiti, ndipo pageti usacheuke ndi nkhope ya munthu amene wathawa ntchito. Agogo ako apeza wowatangwanitsa madzulo alionse, ndipo mmene mutu wangawu ulili, zaka zako zonse za ku Lyon zidzatha ine ndisanamalize buku loyamba.

Mulungu akuyendetse bwino, akusunge kumene maso anga safika.

Ndine bambo ako okukonda.